Kope la Amalume Anga

Mwezi wathawu ndinakwera minibasi ku Limbe pobwerera kwathu ku Nkolokosa. Tinali titapanikizana kwambiri, ine nditafungatira mapepala a mayeso a Fomu 3 oti ndikachonge kunyumba. Titadutsa pa Kanjedza, dalaivala anakweza wailesi. Inali nyimbo yakale ya m'zaka za m'ma 1990, imodzi mwa zija munthu aliyense wachikulire amaziimba osaphonya liwu. Mayi amene anakhala pambali panga anayamba kuimba nawo chapansipansi, kondakitala n'kumagogoda chitseko ndi ndalama yachitsulo. Onsewo ankadziwa dzina la mwini nyimboyo. Koma chimene chinkawagwedezetsa mitu chinali kunsi kwa mawu ake, kumene gitala ya besi inkayenda modekha ngati munthu wodziwa njira. M'minibasi monsemo ndinali ndekha wodziwa mwini zala zimenezo. Anali amalume anga, achimwene awo a mayi. Anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo dzina lawo silinalembedwepo pa kaseti ya nyimboyo.

Akonzi a nyuzipepala ya pasukulu yathuyi atandipempha kuti ndilembe za ntchito ina iliyonse imene ndikuidziwa bwino, ndinayamba ndaganiza za uphunzitsi. Koma tsiku la minibasi lija linandisintha maganizo. Ndikufuna ndikufotokozereni, ophunzira athu, za ntchito ya amalumewo, chifukwa ndi imene inandilipirira sukulu, komanso chifukwa inandiphunzitsa kanthu kamene sikali m'buku lililonse limene timagwiritsa ntchito m'kalasi.

Amalume ankakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yathu. M'menemo munali mphasa, mpando umodzi, wailesi ya kaseti, ampulifaya yaing'ono yomwe ankaikonza okha ikafa, ndi gitala ya besi yomwe inkagona m'chikwama chosokedwa ndi telala wa pamsika. Anthu akamafunsa ntchito yawo, ankayankha akuseka kuti, “Ndine waganyu.” Sankanama. Iwo sanali a bandi imodzi yokhazikika. Woimba aliyense wofuna kujambula nyimbo, kapena wofuna womuimbira besi pa phwando la ukwati kapena pa shoo ya Loweruka, ankatuma mwana kudzawaitana. Ankapita, n'kuimba, n'kulandira yawo, n'kubwerera. Mawa lake ankaimbira wina, mwinanso wopikisana ndi wadzulo uja.

Luso limeneli sanaliphunzire kusukulu. Ankatiuza kuti anayambira pa babatoni ali mnyamata: bokosi lamatabwa, mtengo wautali ndi chingwe chimodzi chokha, chimene umachikoka kapena kuchimasula kuti mawu akwere kapena atsike. Chida chimenechi ndi chimene chinkagwira kunsi kwa nyimbo za kwela za Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka, amene katswiri wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anakumana nawo mu Blantyre muno mu 1967. Mpaka lero babatoni akumveka m'maiko akutali kudzera mwa Madalitso Band ndi Gasper Nali. Amalume ankati munthu amene wayambira pa chingwe chimodzi sawononga mawu, chifukwa amazolowera kusankha liwu loyenera m'malo mochulukitsa. Atagwira besi yamagetsi ya nsambo zinayi, mtundu umene Leo Fender anautchukitsa ku America kuyambira mu 1951, anapitiriza kuimba ngati munthu wachingwe chimodzi.

Tsiku lina ndili Sitandade 7 ndinawafunsa kuti, “Amalume, bwanji osaphunzira gitala inayo, ija imalira pamwamba anthu n'kumakuwa? Yanuyi sikumveka n'komwe.” Sanayankhe. Anaika kaseti m'wailesi, n'kupotokola kabatani kochotsa mawu akunsi mpaka kumapeto. Nyimbo inapitirira, woimba akuimba, koma inkamveka yopepuka ngati ndiwo zopanda mchere. Kenako anabwezeretsa kabatani kaja pang'onopang'ono, ndipo ndinaona phazi langa likuyamba lokha kugunda pansi. Anati, “Waona mphwanga? Mlendo akalowa m'nyumba amayamikira malata ndi penti. Palibe amene amayamikira maziko. Koma kachotse maziko uone.” Anandifotokozera kuti woimba besi ali ndi ntchito ziwiri pa nthawi imodzi. Khutu lina limamvera ng'oma yaikulu ija woimba ng'oma amaiponda ndi phazi, kuti ziziyendera limodzi osasiyana. Khutu linalo limamvera kumene nyimbo ikukhotera, kuti iye afike pa liwu loyamba la chigawo chatsopano n'kuwatsegulira njira anzake onse. Akachedwa pang'ono, bandi yonse imatsimphina, koma anthu amanyoza woimba wakutsogolo. Akaimba bwino, anthu amavina n'kutamanda woimba wakutsogolo yemweyo.

Nthawi imene ine ndinkakula inali yabwino kwa anthu ngati amalume. Dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, pakamwa pa anthu panatseguka ndipo nyimbo zinachuluka. Lucius Banda wa ku Balaka anatchuka ndi chimbale chake choyamba cha Son of a Poor Man, ndipo achinyamata ambiri anaona kuti nawonso akhoza kutulutsa kaseti. MBC inatsegula Radio 2, kenako kunabwera mawailesi osakhala aboma monga Power 101 ndi Capital FM, ndipo mu 1999 kunabwera kanema wa TVM. Makaseti ankagulitsidwa kwa O.G. Issa ndi m'misika yonse. Aliyense wokhala ndi mawu abwino ndi kandalama kolipirira situdiyo ankafuna anthu omuimbira zida. Ambiri mwa oimbawo analibe bandi, choncho ankadalira aganyu.

Ndinapitapo nawo ku situdiyo kawiri, kukawanyamulira chikwama. Zimene ndinaona zinandidabwitsa. Mwini nyimbo ankabwera ndi mawu ndi kayimbidwe basi, mwina ndi gitala yosalumikiza kumagetsi. Ankaimba kawiri kapena katatu, amalume ali chete maso ali pansi. Kenako ankayamba kufufuza ndi zala mpaka atapeza njira yoti besi iyendemo. Palibe amene ankawalembera kapena kuwauza choti aimbe. Kanjira kaja anthu amakaimba ndi mluzu akamatsuka mbale kankabadwira pomwepo, m'mphindi zochepa, chifukwa situdiyo inkalipiritsa potengera nthawi ndipo mwini nyimbo ankangoyang'ana wotchi. Pa tsiku limodzi ankatha kujambula nyimbo zingapo. Madzulo ankalandira ndalama m'manja, nthawi zina yonse, nthawi zina theka ndi lonjezo loti yotsalayo idzabwera kaseti ikadzatuluka. Panalibe pepala, panalibe siginecha. Ankangogwirana chanza.

Ndalama imeneyo ndiyo inkagula ufa kwathu bambo atamwalira. Ndiyo inandigulira yunifolomu nditasankhidwa kupita ku sekondale. Ndinkadziwa kuti mwezi umene amalume aitanidwa kawirikawiri, fizi ilipiridwa pa nthawi yake, ndipo mwezi umene besi yagona m'chikwama, mayi azikadandaula kwa ahedi kuti atidikireko.

Ndili Fomu 1, nyimbo ija ya m'minibasi inali pakamwa pa aliyense. Tsiku lina pa nthawi yopuma anzanga akuiimba, ndinadzitama kuti, “Besi imeneyo akuimba ndi amalume anga.” Anandiseka. Mawa lake mnzanga wina anabweretsa kaseti ija kuchokera kwawo, n'kutambasula kapepala kake pamaso pa kalasi yonse. Panali chithunzi cha woimbayo atavala suti, mayina a nyimbo, dzina la situdiyo ndi mawu othokoza makolo ndi anzake. Dzina la amalume panalibe. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kutha kwa teremu ankanditchula kuti “mwana wa besi”, ndipo ndikanena chilichonse m'kalasi wina ankafunsa kuti, “Zalembedwa pati?”

Ndinafika kunyumba nditakwiya, n'kulunjika kukanyumba kuja osayamba ndavula yunifolomu. Ndinayankhula mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Ndinati, “Amalume, mwina mumangotinamiza. Ngati munaimba ndinu, bwanji dzina lanu palibe?” Mayi atamva anakuwa ali kukhitchini kuti, “Iwe, ukuyankhula ndi ndani choncho?” Koma amalume anati, “Musiyeni mlongo, wafunsa zoona.” Anasuntha mphasa n'kutulutsa kope la sukulu lachikuto cholimba, lomangidwa ndi mphira. M'menemo munali mizere yojambulidwa ndi rula: tsiku, dzina la woimba, dzina la nyimbo, situdiyo, ndalama yomwe anagwirizana, ndalama yomwe analandira. Masamba ambirimbiri. Anatsegula tsamba lina n'kuloza ndi chala mzere wa nyimbo ija. Pa ndalama yolandiridwa panalembedwa theka, ndipo kutsogolo kwake panali mpata umene sunadzazidwe.

Ndinafunsa kuti, “Nanga bwanji simunawauze kuti alembe dzina lanu?” Anakhala kaye chete, kenako anati, “Mphwanga, waganyu akachulutsa zonena, mawa amaitana wina. Ine ndinkaganiza za fizi yako, osati za kapepala.” Mawu amenewo ananditseka pakamwa. Ndinawamva ngati nzeru, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawabwereza kwa ena ngati chitsanzo cha kudzichepetsa. Lero ndimaona kuti munali nzeru ndithu, koma munalinso mantha, ndipo mantha amenewo anadzatilipiritsa tonse.

Nditakula n'kuyamba kuwerenga za oimba a m'maiko ena, ndinapeza kuti nkhani ya amalume si yachilendo. Ku Detroit, m'dziko la America, kunali James Jamerson, amene anaimba besi m'nyimbo zochuluka zedi za kampani ya Motown m'zaka za m'ma 1960. Dziko lonse linkavina zala zake, koma kampaniyo sinkalemba mayina a oimba zida pa zimbale zake kufikira mu 1971, pamene Marvin Gaye anatulutsa What's Going On. Kampaniyo itasamukira ku Los Angeles mu 1972, ntchito yake inayamba kuchepa, ndipo anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 47 zokha. Ulemu waukulu anaulandira mu 2000, atalowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, patatha zaka 17 ali m'manda.

Ena zinawayendera mosiyana. Bakithi Kumalo wa ku South Africa anali waganyu wa m'masitudiyo a ku Johannesburg pamene Paul Simon anabwera kudzajambula nyimbo za chimbale cha Graceland, chomwe chinatuluka mu 1986. Dzina lake linalembedwa pa chimbalecho. Aliyense amene anadabwa ndi besi ya m'nyimbo ya You Can Call Me Al ankatha kutembenuza chikuto n'kudziwa woti amufunefune, ndipo Kumalo anayenda maiko ambiri ndi Simon kwa zaka zoposa makumi atatu. Kufupi ndi kwathu kuno kuli Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene makolo ake anachokera kuno ku Malawi ndipo nyimbo zake zina amaimbamo Chichewa. Iye anayamba n'kuimbira ena besi mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria, kenako anayambitsa bandi yakeyake ya Orchestra Mberikwazvo n'kuima kutsogolo ndi besi yake yomweyo. Chimbale chake cha Simbaradzo cha mu 2000 chinamveka mpaka m'maminibasi athu. Kunonso tili ndi Peter Amidu, amene anthu amamudziwa chifukwa anakhazikika m'bandi imodzi, Black Missionaries ya ku Chileka, ndipo dzina lake limatchulidwa pa siteji.

Ndikayang'ana anthu anayiwa pamodzi ndi amalume, sindinganene kuti kusiyana kwawo kunali pa luso lokha. Amene dzina lake linalembedwa kapena kutchulidwa anali ndi pogwira ntchito yoyamba itatha. Amene dzina lake silinalembedwe ankayambiranso pachiyambi m'mawa uliwonse, ngati sanagwirepo ntchito n'kale lonse.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 2000. Masitudiyo ang'onoang'ono a kompyuta anabuka m'makomboni onse, ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ena m'chipinda chogona chenicheni. Mnyamata mmodzi wokhala ndi kiyibodi ndi kompyuta ankatha kupanga ng'oma, besi ndi malipenga yekha, pamtengo wotsika kuposa kuitana anthu anayi. Kenako makaseti anatha, ndipo nyimbo zinayamba kukopedwa pa ma CD ndi m'mafoni pamsika. Mwana woitana uja anasiya kubwera pakhomo pathu. Amalume ankapezabe maukwati ndi mashoo apatalipatali, koma masiku ambiri ankakhala pakhonde la shopu ya mnzawo akukonza mawailesi ndi masipika. Sanadandaulepo pamaso panga. Ankangoti besi ya kompyuta ilibe mpweya, chifukwa simvera woimba akapuma.

Atayamba kudwala, ine ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi ndipo malipiro anga sankakwanira mankhwala ndi chakudya chimene adokotala analamula. Ndinakumbukira kope lija. Ndinawerengetsera mipata yonse yosadzazidwa ndipo ndinapeza kuti inali yambiri. Ndinasankha woimba mmodzi amene zinthu zinkamuyendera bwino, ndipo osawauza amalume ndinapita kukamuona. Anandilandira bwino, n'kundipatsa mpando ndi chakumwa. Anawakumbukira amalume, n'kuwayamikira kuti panalibe wina wofanana nawo. Nditamuonetsa kopelo analiwerenga mwachidwi, kenako anati, “Achimwene, izi analemba okha. Ine sindikukana, koma ndi kale, ndipo ndikukumbuka kuti tinathana.” Anandipatsa ndalama ya minibasi ndi ina yochepa yoti ndikagulire odwala zipatso. Ndinatuluka ndili ndi ukali, koma ndili m'njira ndinazindikira kuti ndinalibe choti ndimugwire nacho. M'kope monsemo munali dzanja la munthu mmodzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti njira inalipo. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za aluso, linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la mu 1989, ndipo lamulo latsopano la mu 2016 limatchulanso ufulu wa anthu amene amaimba kapena kusewera m'ntchito zojambulidwa. Kulinso bungwe la oimba la Musicians Union of Malawi. Koma lamulo ndi bungwe zimayambira pa umboni: ndani anapeka, ndani anaimba chida chiti, anagwirizana zotani. Munthu amene anangogwirana chanza n'kubwerera kwawo amafika pamaso pa lamulo ali chimanjamanja.

Nditawaulula kuti ndinapita kwa woimba uja, amalume anakhumudwa. Anati, “Wandichititsa manyazi mphwanga, ngati ndine wopemphetsa.” Ndinapepesa. Patapita masiku angapo anandiitana n'kundipatsa kopelo kuti ndilisunge. Anati, “Ukanakhala wamkulu nthawi ija, bwenzi utandiuza kuti aliyense azisainira pamzere wake. Kunali kosavuta. Rula ndinali nayo, mzere umodzi wokha ndi umene ndinaiwala kujambula.” Ndikudziwa kuti sanaiwale. Ankaopa kupempha.

Pa maliro awo panabwera oimba ambiri, ena odziwika amene anthu ankawaloza ndi zala. Ananyamula nawo maliro, ena anakumba nawo manda. Mmodzi ananena kwa mayi kuti, “Mayi, ife tonse tinadutsa m'manja mwa achimwene anuwa.” Ndinakhulupirira kuti ankanena zochokera pansi pa mtima. Anthuwa sanali oipa. Unali chabe mchitidwe wa nthawiyo kuti waganyu salembedwa, ndipo palibe amene anaufunsa mchitidwewo, ngakhale waganyu mwiniwakeyo.

Sindikulemba izi kuti ndikukopeni kapena kukuletsani za kuimba. Imeneyo ndi nkhani ya inu ndi makolo anu. Ndikulemba chifukwa ambiri mwa inu mudzagwira ntchito zofanana ndi besi. Wina adzakhala namwino amene adzachezera usiku wonse ndi wodwala, m'mawa abale n'kuthokoza adokotala. Wina adzakhala mmisiri womanga nyumba yomwe idzatchulidwa ndi dzina la mwini wake. Wina adzalemba lipoti limene bwana adzasainira. Palibe cholakwika pa ntchito zoterozo, ndipo dziko limayenda chifukwa cha anthu amene amazigwira bwino popanda wowaombera m'manja. Kwa amalume ndinaphunzira kugwira ntchito yotere mosanyinyirika, kumvetsera anzako, kufika pa nthawi yake ndi kusachulutsa mawu pamene liwu limodzi likukwanira. Koma ndinaphunziranso chimene iwo anachizindikira mochedwa: kudzichepetsa sikutanthauza kuti ntchito yako isalembedwe. Mukagwirizana ndi munthu za ntchito ndi malipiro, ngakhale ali mnzanu kapena wachibale, lembani, ndipo nonse awiri musainire. Kupempha zimenezi si mwano kapena kusakhulupirirana. Kumateteza ubale womwewo, chifukwa mitu ya anthu imaiwala mosiyana.

Ndipo tsiku limene inu mudzakhale kutsogolo, chithunzi chanu chili pachikuto, mudzakumbukire kulemba mayina a amene anakugwirirani kunsi. A Fomu 3 mukudziwa kuti ndikakupatsani ntchito ya m'magulu, ndimaumirira kuti kumapeto mulembe amene anafufuza, amene analemba, amene anajambula, ngakhale amene anangobwereketsa buku. Ena mumang'ung'udza kuti ndimataya nthawi. Tsopano mwadziwa kumene zinachokera.

Tsiku la minibasi lija, tinafika pa siteji yanga nyimbo isanathe. Kondakitala, amene amandidziwa, anati, “Aphunzitsi, simutsika?” Ndinati nditsikira kutsogolo. Chakumapeto kwa nyimboyo kuli malo amene zida zonse zimakhala chete n'kutsala besi yokha kwa kanthawi kochepa, ndipo ndinkafuna kuwamva. Atafika malowo, ndinatembenukira kwa mayi uja n'kunena kuti, “Amene akuimba apawa ndi amalume anga.” Ndinawauza dzina lawo. Mayiwo anatchera khutu mpaka nyimbo inatha, kenako anati, “Ankatha.” Ndinatsika patali ndi kwathu n'kubwerera wapansi, mapepala anu ali kukhwapa.